Kupota kwa M'mimba Kosatha Sikudyetsedwa Ai

M'midzi yathu muli anthu amene avutika ndi m'mimba kwa zaka zambiri. Ena agulitsa nkhuku ndi mbuzi kulipira ang'anga poganiza kuti anadyetsedwa, ndipo adana ndi abale ao popanda mlandu. Koma nthawi zina gwero la bvutoli ndi matenda amene madotolo amawachula kuti irritable bowel syndrome, ndiko kuti kusokonezeka kwa kagwiridwe ka nchito ka matumbo.

Wodwala amamva m'mimba kupota, maka-maka akangodya, ndipo kawirikawiri ululuwo umacepa akapita kucimbudzi. Mimba imafufuma ndi mpweya. Ena amatsegula m'mimba, ena amadzimbidwa, ndipo ena zimawagwira zonse ziwiri mosinthana. Poturuka m'cimbudzi munthu amamva ngati sanamalize. Malangizo a madotolo ochedwa Rome IV, a caka ca 2016, akuti matendawa aganiziridwe ngati ululu wotere ubwera tsiku limodzi kapena kuposerapo pa mlungu kwa miyezi 3. Amagwira akazi kopambana amuna.

Nanga amayamba bwanji? Ubongo ndi matumbo zimatumizirana mau kupyolera m'mitsempha. Mauwa akasokonezeka, matumbo amakankha cakudya mofulumira kapena mocedwa, ndipo mpweya wocepa umapweteka ngati wambiri. Kwa ena bvutoli limatsala pambuyo pa matenda otsegula m'mimba obwera ndi madzi oipa. Nkhawa ya ngongole, maliro kapena mikangano ya m'banja imalikulitsa. Nyemba, kabici, anyezi, mkaka ndi mowa zimadzutsanso ululu kwa ena, koma si onse.

Matendawa sapatsirana, saononga matumbo, ndipo sasanduka khansa. Ngakhale samatheratu msanga, amacepa munthu akazindikira zakudya zimene zimamubvuta nazicepetsa, akamadya pang'onopang'ono pa nthawi yake, ndi kumwa madzi aukhondo okwanira.

Koma cenjerani. Mukaona magazi m'cimbudzi, kuonda, kutentha thupi, kutsegula m'mimba kokudzutsani usiku, kapena ngati bvuto layamba mutapyola zaka 50, musanene kuti ndi matenda omwewa. Zimenezi zingakhale kamwazi, likodzo la m'matumbo kapena matenda ena oopsa. Pitani msanga kukiliniki kapena kucipatala kuti akakupimeni, ndipo mukafotokoze zonse popanda manyazi.