Majini, Katemera ndi Ndalama za Boma

Ambiri a ife tikamva mau akuti "majini" timaganiza za mizimu yoipa. Koma majini amene ndifuna kufotokoza pano ndi tinthu tating'ono ta m'thupi la camoyo ciri conse, timene ticititsa mwana kutengera mphuno ya atate wace.

Akatswiri anaphunzira kucotsa jini m'camoyo cina ndi kuliika m'cinzace. Katemera wa malungo apangidwa motero. Amatenga jini la kacirombo ka malungo naliika m'yisiti, mtundu womwewo wotupitsa mkate, ndipo yisitiyo amapanga kanthu kofanana ndi khungu la kaciromboko. Mwana akabayidwa, thupi lace liphunzira kuzindikira mdani asanafike. Dziko lathu ndilo linayamba kupereka katemerayu pa 23 April 2019, Ghana ndi Kenya natsatira. Katemera wa nthenda ya ciwindi, amene makanda alandira kuyambira 2002, apangidwanso ndi yisiti wotere. Ndiye kuti ambiri m'sukulu muno tinalandira kale, tiri kumsana kwa amai.

Nanga anthu akuti bwanji? M'minibasi za ku Limbe ndi mumsika wa ku Ndirande mumveka zambiri. Ena amati kusintha cilengedwe ndiko kupikisana ndi Mulungu. Mantha awa si acilendo. Pa njala ya 2002 Zambia inakana cimanga cosinthidwa majini, ndipo ife tinacilandira pokhapokha citagayidwa, kuti anthu asacibzale. Caka comweco Nyumba ya Malamulo inaika lamulo loyang'anira nchito zoterezi.

Koma ena amafunsa funso lolemera koposa: Boma litayirenji ndalama pa zimenezi pamene odwala ena auzidwa kukagula okha mankhwala? Anthuwa ayenera kudziwa kuti ndalama zambiri zogulira katemera sizicokera ku Boma lathu. Zicokera ku bungwe la Gavi, Boma nkuonjezapo kagawo kocepa. Kwa ine bvuto lagona pamenepo, osati pa majini ai. Mu 2025 boma la America linalengeza kuti lileka kupereka ndalama ku Gavi. Thandizo la kunja likacepa, makanda obadwira ku cipatala ca Queen Elizabeth adzafunabe katemera, ndipo msonkho wa makolo athu ndiwo udzalipire.