Lamba wa pakhosi woulula kumene kuli njovu

Mlimi amene njovu zinamudyerapo chimanga amadziwa kuti kuzipirikitsa kumatheka ngati wadziwa msanga kumene zili usiku umenewo.

Ku nkhalango ya Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, akatswiri amaveka njovu zina lamba wa pakhosi wokhala ndi kamakina ka GPS. Kamakinaka kamalandira zizindikiro zochokera ku masetilaiti amene amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000. Kakalandira kuchokera ku masetilaiti anayi, kamawerengera nthawi imene chizindikiro chilichonse chatenga panjira, n'kupeza pamene njovuyo yaima. Uthengawo ukafika kwa alonda, iwo amatha kuchenjeza midzi.

Vuto ndi lakuti GPS imadya batire. Choncho timakina tikayalidwa tambiri, monga m'munda kapena m'mbali mwa mtsinje, GPS imaikidwa pa towerengeka chabe. Tinato timapima mphamvu ya wailesi yochokera ku tinzake titatu todziwika malo. Ikamveka kwambiri ndiye kuti kanzakeko kali pafupi, monga munthu wosochera usiku amene amazindikira pamene ali pomva ng'oma za midzi itatu. Koma mitengo ndi mapiri zimafooketsa wailesiyo, ndipo muyeso umatha kuphonya.

Mu 2004, ku Kenya, akatswiri a yunivesite ya Princeton anaveka mbidzi malamba amene ankapatsirana uthenga nyamazo zikayandikana, mpaka kufika kwa ofufuza.

Komabe njovu zovala lamba ndi zochepa. Ulonda wa kumunda usalekedwe.