Amayi atatu amene anasenza filimu ya Sarafina

Ambiri mwa ife filimu ya Sarafina tinaionera m'tinyumba ta vidiyo ta pamsika titapanikizana pabenchi, kapena pakhomo pa mnzathu amene anali ndi wailesi ya kanema. Papita zaka zoposa 30 chitulukire filimuyi mu 1992, koma mukangoitchula, nkhope ya mtsikana uja imabwera m'maso nthawi yomweyo. Ena amakumbukira mphunzitsi wake wolimba mtima, ena mayi ake amene ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu. Nkhope zitatuzi sizinangogwera mufilimu ayi. Panali anthu amene anakhala pansi n'kusankha, ndipo aliyense mwa amayi atatuwa anasankhidwa pa chifukwa chakechake.

Chiyambi chake chinali pansanja

Sarafina inayamba ngati sewero la pansanja, lodzaza ndi nyimbo ndi magule. Analilemba ndi Mbongeni Ngema wa ku South Africa, ndipo pa nyimbo anathandizana ndi katswiri woimba lipenga, Hugh Masekela. Nkhani yake inachokera pa zimene zinachitika ku Soweto pa 16 June 1976, pamene ana asukulu anaguba pokana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans, apolisi n'kuyamba kuwawombera. Tsiku la Mwana wa mu Africa, limene timalikumbukira pa 16 June chaka chilichonse, linachokera pamenepo.

Seweroli linaonetsedwa koyamba ku Market Theatre mumzinda wa Johannesburg mu 1987. Mu January 1988 linafika ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku New York, ndipo kumeneko linaonetsedwa maulendo 597. Mbali ya Sarafina ankaichita ndi Leleti Khumalo, mtsikana wa ku KwaMashu ku Durban, amene anali ndi zaka 17 zokha pamene seweroli linkayamba. Anachita bwino moti mu 1988 anaikidwa pamndandanda wa opikisana pa mphoto ya Tony, imene ndi yaikulu pa zisudzo za pansanja ku America.

Kamera ili ndi zofuna zake

Wina angaganize kuti sewero likamasanduka filimu, basi amangotenga anthu omwe aja n'kuwaimika patsogolo pa kamera. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Pansanja, wochita sewero amakweza mawu ndi kutambasula manja kuti wokhala kumbuyo kwenikweni amve ndi kuona. Kamera imabwera pafupi ndi nkhope, imaona ngakhale kunjenjemera kwa mlomo, ndipo chilichonse chowonjeza chimaoneka bodza. Pansanja nkhani imayenda kuchokera pachiyambi mpaka pamapeto usiku umodzi. Filimu amaijambula zidutswazidutswa, mwina maliro m'mawa, chisangalalo madzulo, ndipo wochitayo ayenera kupeza misozi pa nthawi imene wauzidwa.

Chinanso ndi ndalama. Filimu imadya ndalama zambiri, ndipo eni ndalamazo amafuna dzina limene anthu akulidziwa kale kuti adzagule matikiti. N'chifukwa chake amayi ambiri amene anakhetsa thukuta pansanja amasiyidwa filimu ikabwera. Julie Andrews, amene ena timamudziwa mufilimu ya The Sound of Music, ndiye anatchukitsa sewero la My Fair Lady ku New York ndi ku London. Koma pamene ankapanga filimu yake ya mu 1964, mbali ija anaipereka kwa Audrey Hepburn chifukwa anali wodziwika kale pa kanema, ndipo nyimbo zambiri anachita kumuimbira ndi mayi wina, Marni Nixon.

Leleti Khumalo: mwini mbali

Amene anapanga filimu ya Sarafina, Anant Singh monga woyendetsa ntchito yonse ndi Darrell Roodt monga wotsogolera kujambula, sanamusiye mtsikana wa pansanja uja. Leleti anali asanatchuke pa kanema, ndipo dzina lake palokha silikanadzaza nyumba zoonetsera mafilimu ku America. Koma anali atakhala Sarafina usiku ndi usiku kwa zaka zingapo. Anakulira m'dera la anthu akuda pansi pa ulamuliro wa tsankho. Sanafunike wina womuphunzitsa mmene mwana wa kumeneko amayendera akaona galimoto ya apolisi, kapena mmene amavinira.

Mukaionanso filimuyi, yang'anitsitsani pamene Sarafina akulankhula yekha ndi chithunzi cha Nelson Mandela, kenaka muyerekeze ndi nkhope yake atatuluka m'ndende mmene anazunzidwa. Poyamba ndi mwana wolota kutchuka, maso ali gwa. Pambuyo pake mawu achepa, maso azilala. Kusintha kumeneku nsanja sikanakuonetsa bwino, koma kamera inakugwira, ndipo Leleti anatha kuchepetsa zochita zake kuti zikwane pa kamera.

Whoopi Goldberg: mlendo wotsegula zitseko

Dzina lalikulu limene eni ndalama amafuna linabwera pa mbali ya mphunzitsi, Mary Masombuka. Anasankha Whoopi Goldberg wa ku America, amene mu 1991 anali atangolandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimu ya Ghost. Ndi yemwe uja wa mufilimu ya Sister Act, imene inatulukanso mu 1992. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Dzina la Goldberg linathandiza kuti filimu ya ana a ku Soweto ionedwe m'mayiko akutali, pa nthawi imene Mandela anali atatuluka m'ndende mu 1990 koma chisankho cha anthu onse cha mu 1994 chisanachitike. Chaka chomwecho cha 1992 filimuyi inaonetsedwa pa chikondwerero chachikulu cha mafilimu ku Cannes, m'dziko la France.

Komabe kusankha kumeneku kunali ndi mtengo wake. Ku Broadway mbali ya mphunzitsi ankaichita ndi Baby Cele, mtsikana wa ku South Africa komweko, ndipo mufilimu malowo anapita kwa mlendo. Mukatchera khutu, lilime la Goldberg limamveka kuti si la ku Soweto. Chimene anachita mwanzeru opanga filimuyi ndi chakuti mlendoyo sanamuike pakati pa nkhani. Mphunzitsi amatsogolera ana poimba pemphero la Atate Athu pabwalo la sukulu, amawaphunzitsa mbiri ya dziko lawo imene boma silinkafuna, apolisi amamutenga, ndipo sabwereranso. Katundu yense amatsala pamutu pa Sarafina.

Miriam Makeba: mayi wodziwa ululu

Mbali ya Angelina, mayi ake a Sarafina, ndi yaifupi, koma kwa ine ndi pamene pagona mtima wa filimuyi. Angelina amakhala kunyumba ya azungu, kulera ana a eni ake pamene ana ake akukula popanda iye. Sarafina akapita kukamuona amamunyoza kuti ndi wantchito chabe, wosamenya nawo nkhondo ya ufulu. Atalawa ndende amabwereranso kwa mayi ake ali wofatsa, atazindikira kuti mayi amene amadzuka m'bandakucha kuti ana adye nayenso ndi ngwazi. Paja mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mbali imeneyi anaipereka kwa woimba Miriam Makeba, amene panthawiyo anali ndi zaka pafupifupi 60. Mayi ake enieni a Makeba ankagwira ntchito za m'nyumba, ndipo iye mwini ali mtsikana anagwirapo ntchito yolera ana. Miyezi 6 yoyamba ya moyo wake anaithera m'ndende ali kumsana, mayi ake atamangidwa chifukwa chofulula mowa. Mu 1960, ali kunja, boma linamulanda chiphaso choyendera, moti sanathe kubwera kudzaika maliro a mayi ake. Mwana wake mmodzi yekhayo, Bongi, anamwalira mu 1985 ndi mavuto a uchembere. Makeba anabwerera kwawo mu 1990 patapita zaka zoposa 30.

Ife azamba timadziwa kuti mayi amene wataya mwana sachuluka mawu. Onani mmene Makeba akumvetsera mwana akumulalatira, osabweza mokweza. Kudekha kumeneko sikuphunziridwa pa sabata ziwiri zokonzekera.

Chipatso chinaoneka patsogolo

Kukhulupirira mtsikana wa pansanja kunabala zipatso zina. Mu 2004 Singh ndi Roodt anamutenganso Leleti Khumalo mufilimu ya Chizulu yotchedwa Yesterday. Mmenemo ndi mayi wa kumudzi amene mwamuna wake amagwira ntchito kumigodi ku Johannesburg. Amayenda mtunda wautali kupita kuchipatala, n'kubwezedwa chifukwa mzere watalika. Atapezeka ndi kachilombo ka HIV, cholinga chake chimakhala chimodzi: kukhala ndi moyo mpaka mwana wake wamkazi atayamba sukulu. Filimuyi inafika pamndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar mu 2005. Akanamusiya mu 1992 n'kutenga dzina lakunja, mwina mayi ameneyu sitikanamuona.

Nafenso timasankha

Amayi anzanga, ife sitipanga mafilimu a ku Cannes, koma masewero timachita: pamsonkhano wa amayi, patsiku la chikondwerero, kusikelo pophunzitsa za uchembere wabwino. Masiku ano achinyamata amawajambula pafoni, ndipo sewero la kumphakati limafika kwa anthu amene sitinawaonepo. Nthawi zambiri mbali yaikulu timaipereka kwa amene ali ndi udindo, kapena kwa wa mawu okweza amene amaseketsa anthu. Nthabwala n'zabwino, koma sewero la mayi wochedwa kupita kuchipatala likangotha ndi phwete, uthenga watayika.

Sarafina ikutiphunzitsa kuika aliyense pamalo pake. Wodziwika akhalepo kuti akope anthu, koma mbali imene yasenza nkhani ipite kwa amene akuidziwa ndipo wakhala akubwera kokonzekera, ngakhale ali wamng'ono kapena wosatchuka. Amayi achikulire ofatsa aja, amene amakhala kumbuyo osalankhula, musawaiwale: mbali yaifupi ya mayi kapena agogo ikhoza kukhala imene anthu adzapite nayo kunyumba.

Chenjezo limodzi lokha. Mayi amene anapita padera, anataya mwana, kapena akumwa mankhwala otalikitsa moyo, musamuloze pagulu kuti achite mbali yofanana ndi bala lake. Mufunseni pambali, awiriwiri. Akavomera, mwina adzachita zimene anthu sadzaiwala. Akakana, mupatseni mbali ina, ndipo chifukwa chake chikhale pakati pa inu awiri.