Eni Land Rover Yakale, Sungani Masipeya Mwanzeru

Mwezi uno tifuna kukamba ndi inu amene muli ndi galimoto ya Land Rover yakale, ndi inunso amene muidalira ngakhale siri yanu. Ambiri a ife kumidzi tiidziwa bwino galimoto imeneyi. Ndiyo inali kunyamula akulu a Boma pa ulendo, ndiyo inali kufika ku zipatala za mishoni ndi ku minda ya tiyi ndi fodya pamene misewu yambiri inali yafumbi. Masiku ano ena a magalimotowa anagulidwa ndi anthu wamba, ndipo alikunyamula chimanga, mtedza, odwala ndi maliro m'malo amene minibasi siifika nthawi ya dzinja.

Kapena ena simunamve kuti galimoto imeneyi analeka kuipanga. Anayamba kuipanga m'chaka cha 1948 ku Solihull, m'dziko la England, ndipo yotsiriza inatuluka m'fakitale yomweyo pa 29 Januwale 2016, atapanga magalimoto oposa 2 miliyoni. Iripo ina yatsopano ya dzina la Defender imene inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2020, yopangidwa ku Slovakia, koma imeneyo yangotenga dzina lokha. Masipeya ake salowa pa galimoto yanu.

Kodi tsono masipeya a galimoto yakale atha? Iai, sanathe. Makampani ambiri, makamaka ku Britain, alikupangabe. Vuto ndi lakuti ali kutali. Mwini sitolo amadzaza mashelefu ndi katundu wotuluka msanga, ndipo magalimoto amene achuluka pa misewu yathu lero ndi a ku Japan. Mukafuna kanthu ka Land Rover, kawirikawiri adzati, "Tiitanitse." Kuitanitsako kulira ndalama zakunja. Kumbukirani kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo.

Ine wolemba ndinaona Land Rover ina itakhala pa miyala pansi pa mtengo wa mango dzinja lonse. Injini yake inali yabwino, matayala abwino. Chimene chinasowa chinali beringi ya gudumu limodzi, kanthu kokwana m'dzanja. Pa miyezi imeneyo amayi apakati a dera limenelo anali kupita kuchipatala pa njinga ndi pa ngolo. Kusunga masipeya ndi nzeru tsono. Koma kusunga mosaganiza nkutaya ndalama, pakuti zina ziwonongeka ziri m'bokosi, ndipo zina simudzazifuna konse.

Yambani mwadziwa galimoto yanu

Munthu akalowa m'sitolo nangonena kuti "ndifuna sipeya ya Land Rover", ali ngati wopita kwa telala osanena msinkhu wa mwana. Magalimotowa afanana maonekedwe koma m'kati asiyana. Series II inabwera mu 1958, Series IIA mu 1961, ndipo Series III anaipanga kuyambira 1971 kufikira 1985. Onsewa ali ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza. Kuyambira 1983 kunabwera mtundu wa masipuling'i opota, umene anautcha Defender mu 1990, wodziwika ndi manambala 90, 110 ndi 130.

Injini za dizilo nazo zinasintha. Ya 200Tdi inalowa mu Defender mu 1990, ya 300Tdi mu 1994, ya Td5 mu 1998, ndipo kuyambira 2007 anaikamo injini yochokera kwa Ford. Lamba wa injini imodzi salowa pa inzake.

Chotero lembani m'kabuku nambala ya chasisi ndi nambala ya injini. Nambala ya chasisi iri m'bulubuku, ndipo inadindidwanso pa chitsulo cha chasisi chakutsogolo. Ya injini muiwerenge pa injini penipeni, chifukwa magalimoto ambiri akale anasinthidwa injini ndi eni ake oyamba, ndipo pepala likhoza kunena zina. Popita kukagula tengani kabukuko, ndipo ngati nkotheka tenganinso sipeya yakuthayo kuti mukalinganize ndi yatsopano musanapereke ndalama. Safunsa anadya phula: funsani makanika amene amagwira galimoto yanu nthawi zonse kuti ndi ziti zimene aona kuti zatsala pang'ono.

Mafunso atatu musanagule

Pa chinthu chirichonse chimene mufuna kusunga, dzifunseni mafunso atatu. Kodi chikafa, galimoto idzaima pomwepo? Kodi nchaching'ono ndi cha mtengo wopepuka? Kodi chikhoza kukhala chaka kapena ziwiri osawonongeka? Mukayankha inde katatu, gulani. Mukayankha iai kawiri, sungani ndalama yanu.

Zinthu zimene zipambana mafunso onse atatu ndi izi. Choyamba, maberingi a magudumu pamodzi ndi masiilo ake. Madzi ndi matope a dzinja akalowa m'gudumu, girizi amasungunuka ndipo beringi itentha nkudyeka. Pa Defender ambiri beringi yakutsogolo ndi yakumbuyo nzofanana, kotero seti imodzi itumikira gudumu lirilonse. Chachiwiri, timitanda ta shafiti yopita ku magudumu, timene amakanika amatitcha mayuniveso. Tikayamba kulira ndi kugwedeza galimoto, musadikire kuti shafiti igwe pansi. Chachitatu, mafyuluta a dizilo, a oyilo ndi a mpweya. Dizilo wogula m'zigubu kawirikawiri ali ndi madzi kapena zinyalala, ndipo fyuluta ikatsekeka galimoto ifooka pa chitunda niima. Sungani awiri a dizilo, osati imodzi. Chachinayi, mapadi kapena nsapato za mabuleki, mafyuzi, mababu, ndi kampope kakang'ono kokoka dizilo kuchokera m'thanki, kamene kali pa injini za Tdi ndi zakale.

Musaiwale pampu ya madzi. Injini ya 300Tdi ndi yolimba ndithu, koma siikhululuka madzi akatha. Mutu wake ndi wa aluminiyamu, ndipo ukatentha kwambiri upindika ndi kupsereza gasiketi. Ngati musunga gasiketi ya mutu wa Tdi, dziwani kuti ziripo zochindikala mosiyana, ndipo azizindikiritsa ndi timabowo ta m'mphepete. Werengani timabowo ta gasiketi imene iri pa injini yanu, mugule yofanana nayo.

Eni Td5 ali ndi nkhani yawo. Injini imeneyi iyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo ili ndi chingwe cha mawaya chopita ku mainjekita m'kati mwa mutu wa injini. Chikakalamba, oyilo amayenda m'mawayamo kufikira pa pulagi ya kompyuta, ndipo galimoto iyamba kudumphadumpha. Chingwecho nchaching'ono, sichiwonongeka posunga, ndipo nchotsika mtengo kutali poyerekeza ndi kompyuta. Chimenecho sungani.

Sunganinso mabawuti ndi manati akale m'chitini. Magalimoto a Series ali ndi mabawuti ambiri a muyeso wa mainchesi, pamene apambuyo pake ali ndi ambiri a mamilimita. Bawuti ya mainchesi siipezeka wamba m'sitolo ya pa tauni yaing'ono.

Zimene sizifuna kukhalitsa

Chimanga tisunga m'nkhokwe chaka chonse, koma tomato sitisunga chotero. Masipeya nawo ali ndi tomato wawo, ndiwo zonse za labala. Mapaipi a madzi, malamba, mabushi ndi timalabala ta mabuleki ndi kilatchi zimauma ndi kung'aluka ndi kutentha ndi dzuwa ngakhale sizinagwire ntchito. Za mtundu umenewu sungani chimodzichimodzi chokha: lamba mmodzi wa fani, paipi yapamwamba ndi yapansi ya rediyeta, ndi seti imodzi ya timalabala ta kilatchi. Nthawi yosintha ikafika, ikani chimene munasunga, ndipo mugule china cholowa m'bokosi. Potero palibe chimene chidzakalambira m'nyumba.

Pali lamba mmodzi amene afuna kusamala koposa. Injini za 200Tdi ndi 300Tdi ziri ndi lamba wa mano wobisika kutsogolo kwa injini, amene agwirizanitsa mapisitoni ndi mavavu. Akaduka galimoto iri paulendo, mapisitoni amenya mavavu ndipo timitengo tachitsulo tokankha mavavuwo tipindika. Lamba ameneyu sadikira kuti aduke. Musinthe pa nthawi imene buku la galimoto linena, ndipo pa misewu yathu yafumbi ndi matope msanga koposa pamenepo. Gulani nthawi yosintha itayandikira, pamodzi ndi timagudumu take tomukunga, ndipo lembani m'kabuku tsiku ndi mtunda umene galimoto inali itayenda.

Batire musasunge, pakuti litha mphamvu liri chikhalire. Mafuta a mabuleki akatsekulidwa amamwa chinyezi cha mumpweya, choncho gulani timabotolo tating'ono tosatsekula. Matayala nawo akalamba. Pambali pa tayala pali manambala anayi onena sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Yang'anani manambalawo musanagule, chifukwa tayala likhoza kukhala ndi mano onse koma liri lokalamba.

Zazikulu zifuna kugwirizana

Giyabokosi, difu, mutu wa injini ndi pampu yaikulu ya dizilo ndi zinthu za mtengo wapatali, ndipo sizifa kawirikawiri. Sikwanzeru kuti mlimi agoneke ndalama ya feteleza m'giyabokosi imene kapena sadzaifuna zaka zisanu. Chofunika nkudziwiratu kumene mungaipeze. Dziwanani ndi eni Land Rover anzanu m'boma lanu, ndi amakanika amene amaphwasula magalimoto akufa m'matauni. Mutu umodzi susenza denga. Anthu atatu kapena anayi a magalimoto a mtundu umodzi akhoza kusonkherana nkugula galimoto imodzi yakufa kuti aziphwasulako. Koma alembe pangano pamaso pa mboni, lonena mmene aliyense adzalipira akatengako kanthu, kuti chibale chisathere pa difu.

Za mabuleki ndi chiwongolero musagule zakale ai. Pamenepo pali miyoyo ya anthu amene mwanyamula.

Chenjerani pogula

Masipeya ali a mitundu itatu. Alipo a m'bokosi la Land Rover yeniyeni, amene ndi okwera mtengo. Alipo opangidwa ndi makampani omwe aja anali kupangira fakitale, ogulitsidwa m'mabokosi a maina awo, ndipo amenewa ndi abwino chimodzimodzi pa mtengo wocheperapo. Ndipo alipo ongotsanzira, ena abwino, ena achabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: bokosi lokongola si umboni. Tsegulani, muone ngati pa chitsulo penipeni padindidwa dzina la wopanga ndi nambala. Pa galasi kapena chogwirira chitseko mukhoza kugula chotchipa. Pa beringi, lamba wa mano ndi mabuleki, gulani chabwino chimene thumba lanu lingathe.

Nthawi zonse landirani lisiti. Munthu akabwera usiku ndi sitata kapena pampu pa mtengo wodabwitsa, mkanizeni. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo mawa wobedwayo akhoza kukhala inu.

Kasungidwe kake

Adani a masipeya ndi anayi: chinyezi, dzuwa, chiswe ndi makoswe. Pezani bokosi lachitsulo lotsekeka bwino, muliike pa thandala m'chipinda chouma, osati pansi penipeni kapena pafupi ndi moto. Maberingi asiyeni m'mapepala awo amafuta kufikira tsiku lowaika. Zitsulo zina zipakeni girizi pang'ono ndi kuzikulunga. Magasiketi agonekeni pakati pa matabwa awiri kuti asapindike. Za labala zikhale mumdima, kutali ndi dizilo ndi oyilo, ndipo malamba musawapinde mwamphamvu. Musasunge masipeya m'chipinda chimodzi ndi feteleza, chifukwa feteleza adyetsa chitsulo dzimbiri. Pa chinthu chirichonse mangani kapepala konena dzina lake ndi mwezi umene munagula.

Tisasiye kunena za chinthu chimodzi chimene simungasunge m'bokosi, ndicho chasisi. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu kwambiri, ndipo lioneka bwino zaka zambiri, koma chasisi ndi chachitsulo. Matope akakhala m'kati mwake, dzimbiri lidya mwakachetechete. Tsukani pansi pa galimoto mvula ikatha, tsegulani timabowo totulutsa madzi, ndipo thirani girizi m'malo onse ofunika.

Nthawi yabwino yogula masipeya ndi pamene mwagulitsa mbewu, misewu iri youma ndipo ndalama iri m'manja. Patulani gawo lake musanayambe kugula zina. Ngati kanthu kafuna kuitanitsa, itanitsani mu Ogasiti kapena Seputembala kuti kafike mvula isanayambe. Tsono mwezi uno tengani kabuku, khalani pansi ndi makanika wanu, muyendere galimoto kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo, ndipo mulembe zimene zisowa. Kalata iyi muwawerengerenso anzanu amene ali ndi galimoto koma sanailandire.