Kusankha Dera Lochitamo Lendi mu Mzinda wa Blantyre

Chaka ndi chaka anyamata ndi asungwana ochokera m'maboma osiyanasiyana amalandira makalata owaitana kuti akayambe ntchito mu mzinda wa Blantyre. Chimwemwe chikatha pamabuka funso lakuti munthuyo azikagona kuti. Ambiri amayamba afikira kwa mbale, koma m'tauni nyumba n'zazing'ono ndipo ufa ndi wogula, kotero kuti mlendo ayenera kupeza pakepake msanga.

Mzindawu ndi waukulu. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mudali anthu oposa 800,000. Kale Blantyre ndi Limbe adali matauni awiri, ndipo adaphatikizidwa m'chaka cha 1956. Lero msewu wa Masauko Chipembere ndiwo umalumikiza mbali ziwirizi. Tsono choyamba chimene wantchito watsopano ayenera kudziwa ndi mbali imene kuli ntchito yake. Wogwira ntchito m'mafakitale a ku Makata angayende pansi kuchokera ku Ndirande. Wa ku chipatala cha Queen Elizabeth kapena ku Ginnery Corner ali pafupi ndi Chitawira ndi Naperi, pamene wa ku Limbe angayang'ane ku Kanjedza kapena ku Bangwe.

Chachiwiri ndi kuwerengera ndalama. Kawirikawiri nyumba zakutali zimatsika mtengo, ndipo zimenezi zimakopa munthu amene sadalandireko malipiro. Koma amene amagwira ntchito masiku 22 pa mwezi amayenda maulendo 44, kupita ndi kubwera. Ngati ulendo uliwonse ufuna maminibasi awiri, ndiye kuti alipira kokwana 88. Ndalama zimenezi aziphatikize ndi lendi asadanene kuti nyumba yakuti njotchipa. Awerengerenso nthawi, chifukwa m'mawa misewu imadzaza, ndipo wantchito wochedwa m'miyezi yoyesedwa amaika ntchito yake pachiswe.

Chachitatu ndi madzi. Madzi ambiri a mumzindawu amachokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo amakwezedwa chitunda ndi makina oyendera magetsi. Chifukwa cha ichi magetsi akavuta madzinso amavuta, makamaka m'madera okwera. Mwini nyumba sanganene zimenezi. Amene anganene zoona ndi amayi oyandikana nayo nyumbayo, pakuti ndiwo amadzuka usiku kukatunga. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chachinayi ndi malo pamene nyumba yamangidwa. Nyumba yooneka bwino m'chilimwe ingathe kukhala msampha m'dzinja. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy adagumula nthaka ndi miyala m'phiri la Soche, ndipo matope adakokolola nyumba ndi kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi m'madera oyandikana nawo. Wofuna nyumba apewe za m'matherezi a phiri ndi za m'mphepete mwa mitsinje monga Mudi, ngakhale mtengo wake utatsika chotani. Aone m'munsi mwa zipupa ngati muli zizindikiro za madzi, ayang'anenso denga ndi chimbudzi.

Chachisanu ndi pangano. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu munthu asadalowe, ndipo apa ndi pamene alendo amaberedwa. Alipo anthu amene amaonetsa nyumba ya eni ake, kulandira ndalama, n'kuzimiririka. Munthu asapereke kanthu asadalowe m'kati mwa nyumbayo ndi kuonana ndi mwini wake maso ndi maso. Afunse ngati mita ya magetsi ndi ya madzi ili yakeyake kapena yogawana, popeza mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pamenepo. Zonse zimene agwirizana zilembedwe, pakhale mboni, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti.

Pomaliza, nkwanzeru kufika m'deralo kawiri, masana ndi madzulo. Masana munthu aona msika, chipatala ndi sukulu. Madzulo amva phokoso la mabala ndi kuona mdima wa njira yochokera pa siteji. Kupirira sabata ina imodzi kwa mbale n'kopepuka kusiyana ndi kutaya lendi ya miyezi itatu pa nyumba yosakhalika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.