Madrasa ndi Mizikiti Yathu Iziyenda ndi Ndalama za Yani?

Asilamu anzathu a ku Makanjira, kuyambira ku Mpilipili mpaka ku Lulanga, tonse tikuwadziwa madrasa omwe anayamba bwino koma n'kufera m'njira. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chimodzi: Muwalimu watha miyezi osalandira kanthu, ndiye wakalowa m'bwato kapena wanyamuka ulendo wa ku Joni. Ana amatsala akungoyendayenda padoko.

Tinazolowera kudikira thandizo lochokera kutali. Mabungwe monga Islamic Zakaat Fund athandiza ana ambiri ndi fizi, ndipo tikuwathokoza. Koma wothandiza wakutali kawirikawiri amamanga nyumba n'kupita, ndipo pakagwa tsoka lalikulu ngati namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, maso ake amatembenukira komwe kwavuta kwambiri. Malipiro a Muwalimu, choko, mikeka ndi kukonza mjigo ndi udindo wathu eni mudzi.

Tisanatolere ndalama, tiyenera kusiyanitsa zopereka zitatu.

Choyamba ndi Zakaat. Ndi chikakamizo kwa yemwe chuma chake chafika pa Nisaab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, ndipo chatha chaka. Pa K100,000 iliyonse ya ndalama kapena katundu wa malonda amapereka K2,500. Wa mbuzi 40 amapereka mbuzi imodzi. Mlimi yemwe wakolola chimanga kapena mpunga wokwana makilogalamu pafupifupi 650 amapereka gawo limodzi mwa magawo 10 ngati munda ndi wa mvula, ndipo theka la zimenezi ngati amathirira movutikira. Omwe ayenera kulandira Zakaat ndi magulu 8 otchulidwa mu Surah At-Tawbah, ndime 60. Ma Ulama ambiri, kuphatikizapo a Madhhab a Imam Shafi'i omwe ambirife timatsatira, amati Zakaat siyogulira simenti kapena malata a mzikiti. Muwalimu wosauka atha kupatsidwa Zakaat chifukwa cha umphawi wake, koma isalowe m'malo mwa malipiro ake.

Chachiwiri ndi Sadaka. Ilibe mlingo, ilibe nyengo. Ndalama, ndowa ya usipa, thumba la chimanga, ngakhale tsiku limodzi louma njerwa, zonsezi ndi Sadaka. Imeneyi ndiyo iyenera kuyendetsa madrasa ndi mzikiti.

Chachitatu ndi Waqf, kupereka chinthu chokhalitsa kuti phindu lake lizithandiza anthu mpaka kalekale. Uthman bin Affan (Allah asangalale naye) anagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchisiyira anthu onse, ndipo Umar bin Khattab (Allah asangalale naye) anachita chimodzimodzi ndi munda wake wa ku Khaybar. Kwathu kuno Waqf itha kukhala munda kapena kanyumba ka lendi pamsika.

Nanga tingatolere bwanji? Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah apite kwa iye) anatiphunzitsa kuti ntchito yomwe Allah amaikonda kwambiri ndi yopitirira, ngakhale ikhale yochepa. Tiyerekeze kuti mabanja 100 agwirizana kupereka K2,000 pamwezi. Imeneyo ndi K200,000 yodziwika mwezi ndi mwezi, yomwe komiti ingakonzere dongosolo. Munthu mmodzi wachuma akadwala kapena kusamuka, madrasa odalira iye yekha amatsekedwa, koma mabanja 100 sagwa tsiku limodzi. Asodzi ndi alimi, omwe ndalama zawo zimabwera mwa nyengo, aloledwe kupereka za miyezi ingapo nthawi yomwe zinthu zili bwino. Ana athu omwe ali ku Johannesburg kapena Durban tiziwauza ntchito yeniyeni ndi mtengo wake, osangoti tumizani kangachepe.

Anthu amasiya kupereka akayamba kukayika. Choncho komiti ikhale ndi mabuku awiri, la Zakaat ndi la Sadaka, ndipo ndalamazo zisasakanizidwe. Bokosi la Lachisanu lizitsekulidwa pamaso pa anthu osachepera atatu. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale ya ntchitoyi basi, isakhale foni yomwe msungichuma amagulira ndiwo. Kamodzi pamwezi, ikatha Swala ya Jumu'ah, anthu awerengeredwe zolowa ndi zotuluka, ndipo amayi, omwe amapereka mokhulupirika, amve nawo. Kulemba sikukayikira munthu: ndime yaitali kwambiri mu Qur'an, Surah Al-Baqarah 282, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni.

Wopereka zochepa asachititsidwe manyazi, ndipo wofuna kupereka mobisa dzina lake lisatchulidwe pachimkuzamawu.

Tikupempha komiti ya mzikiti uliwonse kuti mwezi uno ikhale pansi, ilembe zomwe madrasa amafuna pachaka, igawe pa miyezi 12, kenako iyendere khomo ndi khomo. Allah alandire zopereka zathu, ndipo adalitse chuma chathu ndi ana athu. Ameen.