Udindo wa postdoc m'kafukufuku wa mbewu za mabulosi ku America

Ku America, munthu amene wamaliza digiri ya PhD m'maphunziro a zaulimi kawirikawiri salembedwa uphunzitsi pa yunivesite nthawi yomweyo, koma amayamba wagwira ntchito yakanthawi yotchedwa postdoc, yomwe ndi kafukufuku wolipidwa wochitika pansi pa pulofesa kwa zaka ziwiri kapena zitatu, popanda mayeso kapena digiri ina kumapeto kwake. Ena mwa malo a ntchito otere amapezeka m'magulu opanga mitundu yatsopano ya zipatso za m'gulu la mabulosi, monga sitiroberi, blueberry, raspberry ndi blackberry, mothandizidwa ndi genomics, ukadaulo wowerenga ndi kusanthula DNA yonse ya chomera pofuna kudziwa zigawo zake zimene zimalamulira kukoma kwa chipatso, kulimba kwake, kukula kwake ndi kupirira kwa mbewu ku matenda.

Kafukufukuyu amachitika makamaka m'mayunivesite a boma otchedwa land-grant, amene chiyambi chawo ndi lamulo la Morrill la mu 1862, pamene boma lalikulu linapereka malo ku zigawo za dzikolo kuti ndalama zochokera pamalowo zikhazikitse sukulu za ulimi ndi umisiri, ndipo lamulo la Hatch la mu 1887 linawonjezera malo oyeserapo mbewu m'chigawo chilichonse. N'chifukwa chake yunivesite iliyonse imalimbikira mbewu zimene alimi a kwawoko amadalira: University of California ku Davis ndi yodziwika ndi sitiroberi, University of Florida ndi sitiroberi ndi blueberry, University of Arkansas ndi blackberry, pamene ku Corvallis, m'chigawo cha Oregon, nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zaulimi, USDA, imasunga nkhokwe ya mitundu yambirimbiri ya zipatsozi pamodzi ndi abale ake akutchire.

Chimene postdoc amalembedwera ndi kufupikitsa nthawi yopezera mtundu watsopano. Blueberry ndi mbewu yatsopano m'munda, popeza Frederick Coville ndi Elizabeth White anayamba kuiweta kuchokera kutchire ku New Jersey kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo zipatso zoyamba zinagulitsidwa mu 1916. Kuyambira pamenepo njira yopezera mtundu watsopano yakhala yokwatitsa mitengo iwiri yosankhidwa, kubzala mbande zikwizikwi, kudikira kuti zibereke, kutaya zambiri, ndi kuyesa zotsalazo m'minda yosiyanasiyana, ntchito imene imadya zaka khumi kapena kuposerapo. Njira yotchedwa genomic selection, imene Meuwissen, Hayes ndi Goddard anaifotokoza mu 2001 ndipo inayamba kugwira ntchito kwambiri pa ng'ombe zamkaka, imathandiza kuti kusankhako kuchitike msanga. Ofufuza amatenga gulu la mbewu zimene zipatso zake zayezedwa kale, nawerenga zizindikiro masauzande ambiri pa DNA yake, kenaka amagwiritsa ntchito masamu kugwirizanitsa zizindikirozo ndi zimene zinaoneka m'munda, kotero kuti kachidutswa ka tsamba la mbande yaing'ono kamakwanira kulosera ngati mbandeyo ndi yoyenera kuisunga kapena kuisandutsa kholo la mbadwo wotsatira.

Pa mabulosi masamuwa ndi ovuta kuposa pa chimanga, chifukwa chimanga, monganso munthu, chili ndi magulu awiri okha a makromosomu, timitolo timene DNA imasungidwamo, pamene blueberry wolimidwa kwambiri ali ndi magulu anayi, makromosomu 48, ndipo sitiroberi ali ndi magulu asanu ndi atatu, makromosomu 56. Motero funso silimangokhala loti chizindikiro chilipo kapena palibe, koma loti chabwerezedwa kangati, ndipo mapulogalamu ambiri a pakompyuta amene anapangidwira mbewu za magulu awiri amasocheretsa akagwiritsidwa ntchito mosasamala. Ndondomeko ya DNA ya sitiroberi wa mtundu wa Camarosa ndi ya blueberry wa mtundu wa Draper zinafalitsidwa mu 2019, ndipo kuchokera apo chosowa chachikulu sichinakhalenso chiwerengero cha zizindikiro, koma anthu odziwa kuzitanthauzira. Wophunzira amene amadziwa bwino masamu a chibadwa cha mbewu ndiponso kulemba mapulogalamu m'chiyankhulo cha R kapena Python, ngakhale PhD yake ikhale ya mtedza, nyemba kapena chinangwa, ali ndi mwayi woposa wa amene amadziwa kusamalira munda wa zipatso koma sadziwa kusanthula manambala.

Chimene ambiri ochokera kunja sachimvetsa msanga ndi chakuti, ngakhale kalata ya ntchito imatuluka ku yunivesite, malipiro a postdoc amachokera m'thumba la ndalama zimene pulofesa wapambana pa mpikisano wa mapulojekiti. Gwero lodziwika ndi Specialty Crop Research Initiative ya USDA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la zaulimi la mu 2008 ndipo inapereka ndalama za pulojekiti ya VacCAP ya blueberry ndi cranberry kuyambira mu 2019. Ndalama zina zimachokera ku mabungwe a alimi ndi ku malipiro a ziphaso za mitundu imene yunivesite inatulutsa kale. Mgwirizano umakhala wa chaka chimodzi chimodzi, ndipo thumbalo likauma ntchito imathanso, mofanana ndi ganyu amene amatha tsiku limene ndime yatha. Popeza pulojekiti imatha msanga kuposa moyo wa kafukufuku wa mtengo, postdoc sayembekezera kuona mtundu watsopano ukutuluka ali pomwepo, ndipo amayezedwa ndi mapepala a sayansi amene wafalitsa. Wanzeru amafunsa asanavomere ntchito ngati gululo lili kale ndi zoyezedwa za zaka zingapo zimene angayambe kusanthula, kuti ndalama zake n'zotsimikizika kwa zaka zingati, ndiponso kumene anapita amene anagwira ntchitoyo iye asanabwere.

Kufunsira malo sikudutsa mu ofesi imodzi ya dziko lonse: pulofesa amalengeza pa tsamba la ntchito la yunivesite yake ndi m'mabungwe a akatswiri monga American Society for Horticultural Science, ndipo amafuna mbiri ya maphunziro, kalata yofotokoza luso la wofunsirayo ndi mayina a anthu atatu omuchitira umboni. Amene anaphunzira ku America komweko amatha kugwira ntchito miyezi 12 pa chilolezo cha OPT, n'kuwonjezera miyezi 24 ngati maphunziro ake ndi a sayansi, pamene wochokera kunja amalowa ndi viza ya J-1, yosapitirira zaka zisanu, imene kwa ena imabwera ndi lamulo lobwerera kwawo kwa zaka ziwiri, kapena ya H-1B. Malo a m'nthambi za boma za USDA nthawi zambiri amafuna nzika, ndipo malamulo a viza okhudza Amalawi ndi anthu a ku Zambia akhwimitsidwa kuyambira mu 2025, kotero kuti ofesi ya alendo ya yunivesite ndi ofesi ya kazembe ziyenera kufunsidwa munthu asanasiye ntchito imene ali nayo.

Phindu la kafukufukuyu linafika kale kum'mwera kwa Africa, chifukwa blueberry amene akulimidwa ndi kutumizidwa kunja kuchokera ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia ndi wa mitundu yosafuna chisanu chambiri, mzere umene University of Florida inathandiza kuyambitsa potulutsa Sharpblue m'zaka za m'ma 1970, itakwatitsa blueberry wakumpoto ndi wakutchire wa ku Florida. Koma mitundu yatsopano ndi katundu wa eni ake: lamulo la ku America la mu 1930 limalola kuteteza mbewu zofalitsidwa ndi nthambi kapena mphukira, chitetezo chake lero ndi cha zaka 20, ndipo postdoc amasaina kuti zopezeka pa ntchitoyo ndi za yunivesite. Wobwerera ku Bunda kapena ku Bvumbwe sangatenge mbande, ndipo alimi a sitiroberi a paphiri la Zomba sangalandire mitunduyo popanda chiphaso cholipiridwa. Chimene amaloledwa kupita nacho ndi njira yosankhira mbewu, imene imagwira ntchito pa mtengo uliwonse wochedwa kubereka, kuphatikizapo makademiya, mango ndi tiyi.